Anyamata otolera zinyalala pa Dedza boma akuyesetsa, koma mapampasi ndi majumbo awavuta

Amene mwakhala mukufunsa za anyamata aja amayenda ndi njinga yamoto ya mateyala atatu kutolera zinyalala m'makomo kuno ku Dedza boma, ine ndinalembetsa ndipo ndikuti nanunso lembetsani, bola mudziwiretu pomwe akuchita bwino ndi pomwe zikuwakanika.

Ukalipira ya mwezi, kaya pa Mpamba kaya pa Airtel Money, amakupatsa masaka awiri, lina la zowola lina la zosawola, ndiye amabwera kamodzi pa sabata m'mamawa kudzatenga nkukusiyira ena opanda kanthu. Mtengo wake siwoboola mthumba ayi, ndipo ngati muli angapo pa mpanda umodzi mutha kusonkherana.

Chimene chinandikopa ine ndi saka la zowolalo. Kuno zinyalala zathu zambiri ndi makoko a mbatatesi, masamba a kabichi, tomato wophwanyika, zitsononkho, phulusa la pambaula, ndipo anyamatawa sakazitaya, amapanga nazo kompositi. Ndinakaona kumalo kwawo, amayala mapesi pansi, pamwamba zowola zija, kenako ndowe, kuwaza phulusa ndi madzi pang'ono nkufunditsa udzu, ndiye amatembenuza mpaka zitada bii ngati dothi la kudimba. M'nyamata wina anazula ndodo imene anabaya pakati pa mulu nkundigwiritsa, inali yotentha ndithu ngakhale kunja kunali chisanu chathu chija cha mu June, akuti ikazizira ndiye kuti nthawi yotembenuza yakwana kapena madzi achepa. Manyowawo amagulitsa kwa alimi a madimba, ena amasakaniza ndi gaga ndi feteleza pang'ono kupanga feteleza wopanga okha uja amati Mbeya, ndi mmene feteleza wakwerera mtengomu ogula sasowa. Ndikadutsa pa Lizulu kapena pa Bembeke nkuona masamba akuwolera m'mbali mwa M1 mtima umandipweteka, chifukwa onsewo ndi manyowa akungotayika.

Ena mukuti bwanji osangokumba dzenje ngati kale. Abale, kale mapuloti anali aakulu, pano landilodi wamanga nyumba za lendi mpaka kumpanda, ukumba pati? Ndipo dzala la kale linkalandira zowola zokhazokha, lero muli majumbo, mabotolo a pulasitiki, mbale za chipisi, zinthu zosawola olo zitakhala zaka. Mathero ake anthu amataya mu ngalande usiku, ndiye poti tauni yathu ili m'munsi mwa phiri, mvula ikagwa madzi amatsika ndi mphamvu nkukapeza ngalande yatsekeka, basi amasefukira mumsewu ndi m'makomo mwa anthu. Amene tinaona kolera ya 2022 mpaka 2023 sitifuna kuuzidwa kawiri za madzi akuda oyenda pakhomo.

Tsopano zovuta. Nthawi ya dzinja sasunga tsiku, njinga yawo imatitimira m'matope m'tinjira ta m'malokeshoni, nthawi ina saka linagona panja masiku angapo agalu nkuling'amba, zinyalala mbwee pabwalo ponse ntchentche zokhazokha. Anapepesa inde koma akanatha kungotumiza uthenga pa WhatsApp kuti tisatulutse masaka. Chinanso chimandidetsa nkhawa ndi choti ena a iwo amasankha zinyalala ndi manja opanda magolovesi, chonsecho m'masakamo mumapezeka magalasi osweka ndi malezala. Amayi anzanga, zoterezi tizikulunga papepala paokha ndithu, awa ndi ana a anthu.

Vuto lalikulu kwambiri ndi saka la zosawola. Mabotolo ndi zitini amasankha poti alipo ogula, koma mapampasi ndi majumbo opyapyala amangokazitaya kumtaya komwe mapeto ake wina amayatsa moto, utsi wake wonunkha uja umabwereranso kwa ife tomwe. Apa sindingawadzudzule okha. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika 60 microns mu 2015, khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma mpaka lero ukagula tomato wa mulu umodzi amakuikira mu jumbo. Ngakhale mizinda ikuluikulu imene ili ndi magalimoto a zinyalala ikulimbanabe ndi zomwezi, Lilongwe kumtaya wa ku Area 38, Blantyre kumtaya wa ku Mzedi, ndiye anyamata a njinga imodzi angathane nazo bwanji okha.

Mukalembetsa chonde musasakanize. Thewera limodzi likalowa mu saka la zowola amakakamizika kutaya saka lonse kumtaya, manyowa onse aja apita. Ndipo afunseni akulembereni risiti ya mwezi uliwonse, chifukwa otolera ndalama amasinthanasinthana ndipo kabuku kawo sikakhala ndi munthu mmodzi.