Katemera wa chitopa wa I-2 ndi wabwino ndithu, koma nkhuku yachilendo isalowe m'khola tsiku lomwelo

Anzanga oweta nkhuku za lokolo, ambiri mumafunsa ngati katemera uja wodonthezera m'maso amagwiradi ntchito kapena ndikungotaya ndalama. Ine ndakhala ndikumugwiritsa ntchito ndipo ndikuti amagwira, ndimupatsa nyenyezi 4 pa 5.

I-2 amapangidwa konkuno ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Ubwino wake amapezeka kwa alangizi a ziweto kapena ma vakisineta a m'mudzi aja amayenda khomo ndi khomo, komanso safa msanga ndi kutentha ngati katemera wina wa chitopa wotchedwa LaSota amene amafuna fuliji nthawi zonse. Dontho limodzi m'diso basi, kaya ndi kamwanapiye kaya tambala wamkulu muyezo ndi womwewo, palibe jakisoni palibe kusungunula m'madzi akumwa kenako nkumadabwa kuti kodi yamwa ndi iti yosamwa ndi iti. Mumaigwira nkhuku cham'mbali, kudontheza, nkudikira pang'ono iphethire kenako muione ikumeza, ndiye kuti walowa. Miyezi 4 iliyonse kubwereza. Amene amakatemera kwathu ndi mayi, amabwera m'mamawa nkhuku tisanatsekulire, botolo atalikulunga kansalu konyowa mkadengu, ndipo ikakhala yodwala amakana kuidontheza. Mayi amenewa ndimawalemekeza chifukwa ena akanangolandira ndalama nkumapita.

Pomwe pamavuta mpomwe anthu timagula nkhuku zatsopano. Munthu wagula misoti pamsika kapena kwa ma venda aja amamangirira nkhuku mitu pansi panjinga, kapena wawona nkhuku za mtundu wa Mikolongwe pa Facebook, wafika nazo kunyumba wadontheza katemera madzulo omwewo nkuziponya m'khola ati zatetezedwa. Ayi abale. Katemerayu amafuna sabata imodzi mpaka ziwiri kuti chitetezo chikhwime, komanso sachiza, ngati nkhuku inatenga kale chitopa kumsika dontho silibweza kanthu. Chitopa chimatha kubisala m'thupi masiku 2 mpaka 15 nkhuku ikudya bwinobwino ikulira kokoliliko, kenako mungoona yazyolika, mapiko agwa ngati yavala jekete, zitosi zobiriwira, ina khosi lapindika, pofika sabata khola lonse lapululuka. Ndiye anthu amayamba kunyoza katemera pomwe katemera sanalakwe. Ndipo muzisamala kwambiri nyengo yotentha kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Novembala, nthawi imeneyo nkhuku ikatchipa modabwitsa dziwani kuti mwina mwini wake akuthawitsa zotsala kwawo kutagwa mliri. Zimandiwawa zimenezi chifukwa amene amalira ndi mayi wa kumudzi amene nkhuku zomwezo ndiye fizi ya mwana, ndiye sopo ndi mchere.

China, I-2 ndi wa chitopa chokha. Nkhuku yachilendo imabweranso ndi zina zomwe iyeyu alibe nazo ntchito, chimfine chotupitsa nkhope chija maso kumatika mphuno kununkha, nthomba, gumboro kwa anapiye, njoka za m'mimba, nsabwe ndi utitiri. Chimfine chija nchoipa chifukwa nkhuku ikachira imakhalabe nako kachilomboko nkumapatsira zinzake iyo ikuoneka bho. Abakha nawonso amatha kunyamula chitopa iwo osadwala, ndiye bakha wa mphatso wochokera kwa apongozi nayenso ndi mlendo, musachite naye manyazi.

Ine zatsopano ndimaziika kwazokha patali ndi khola, osati kungotchinga ndi waya ayi chifukwa zimajomphana ndi kumwera pamodzi. Masabata atatu kapena mwezi wathunthu, mbale yakeyake ya madeya ndi ya madzi, ndipo ndimayamba kudyetsa zakale kenako ndimalizire zachilendo, nkusamba m'manja ndi kusintha masilipasi. Pogula penipeni itembenuzeni, tsegulani nthenga kunsi kwa mapiko ndi kumbuyo kotulukira zitosi, yang'anani timadontho takuda tomatirira mozungulira maso, ikani khutu pafupi mumve ngati ikupuma mokhorokhota. Wogulitsa akamakana kuti muigwire ingochokanipo.

Nyenyezi imodzi ndachotsayo nchifukwa cha kapezekedwe ndi kasungidwe. Nthawi zina umafuna katemera mwezi wake wakwana koma osamupeza, ndipo shopu ina yomwe sinditchula ndinapeza mabotolo ali pa kauntala dzuwa likuwomba, wogulitsa akuti "ameneyu saopa kutentha bwana". Kupirira kutentha sikutanthauza kuti muziotcha padzuwa, malo ake ndi mu fuliji koma osati mouma ayezi, ndipo mukatsegula botolo musakhale nalo masiku ambiri. Onani deti yothera musanalipire. Ngati nkhuku zanu nzochepa gwirizanani ndi maneba mugule botolo limodzi mudontheze tsiku limodzi, paja za lokolo zimayendera limodzi kudzala, za aneba zikapanda katemera zanunso zili pa chiopsezo.