Mipando ya pulayiwudi wa nsungwi patatha miyezi 14

Mu Ogasiti chaka chatha mlamu wanga, yemwe amayendetsa thiraki pakati pa Johannesburg ndi Lilongwe, anandibweretsera mabolodi atatu a pulayiwudi wa nsungwi. Muyeso wake ndi womwe uja tinauzolowera ife akalipentala, mamilimita 2440 mulitali ndi 1220 mulifupi, kuchindikala 19. Ndinapangira tebulo lodyera, shelefu ya mabuku a ana ndi zitseko ziwiri za kabati ya pansi pa sinki. Dzinja lathunthu ladutsa, chisanu cha mu Juni chadutsa, ndipo dzuwa la Okutobala lawomba katunduyu kachiwiri, choncho tsopano ndili ndi zonena zimene ndaona ndi maso.

Tsiku limene amayi analiona tebulolo anagogoda pamwamba ndi chala nkufunsa kuti ndi mtengo wanji. Nditawauza anapukusa mutu. "Mwana wanga, nsungwi sichedwa kufumbwa. Waiwala nkhokwe ya kwathu ija?" Nkhawa yawo inali ndi mutu, pakuti nsungwi yaiwisi imakhala ndi chakudya chambiri m'kati chimene tizilombo timatsata. Koma bolodi ili silichokera ku nsungwi yongodula kudambo. Amapangira mtundu wotchedwa moso umene umalimidwa ku China, makamaka zigawo za Zhejiang, Fujian ndi Jiangxi. Amaidula ikakhwima, pa zaka pafupifupi zisanu, nkuiwaza timizere, kutipala, kutiphika, kutiumitsa, kenako kutimata ndi guluu m'magawo atatu, lapakati litapingasa enawo. Anga ndi aja ofiirira ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. Mtunduwo si utoto, umabwera chifukwa chofutsa nsungwiyo ndi nthunzi yotentha kwambiri, nchifukwa chake pakakalika sipaoneka zoyera.

Tebulo ndiye landisangalatsa koposa. Amene munagulapo tebulo la mlombwa wosauma bwino mukudziwa mmene limachitira Okutobala akafika, kung'aluka pakati mpaka mpunga kumalowa m'ming'alu. Ili ayi. Sabata yatha ndinagoneka rula yachitsulo mopingasa pamwamba pake ndipo kuwala sikunadutse pansi pa rulayo paliponse. Ana amalembera homuweki pomwepo, amakanda ndi bolopeni, koma zolembazo sizidinda monga zimachitira pa paini. Chilema chilipo chimodzi, kachibowo kosaya pamene panagwera mpoto wachitsulo chakumphepete. Mbali yoyang'ana kuwindo yayererapo pang'ono ndi dzuwa, ukachotsa nsalu ya pakati malire ake amaoneka. Ndinapaka mafuta a linseed katatu pachiyambi, ndabwerezanso kamodzi mu Meyi, basi.

Pa shelefu ndinalakwitsa ndekha. Mashelefu anayi ndinadula motsata mizere ya kunja ndipo ali chiwongokere ngakhale asenza mabuku olemera pa mtunda wa mamilimita 900. Lachisanu, pofuna kuti chidutswa chotsala chisapite pachabe, ndinadula mopingasa. Pofika Marichi linali litayamba kugwa mimba pakati. Mphamvu ya bolodi ili ili m'magawo awiri a kunja, ukawapingasa watsala ndi lapakati lokha. Ndinachita kulikhomera kamtanda kunsi.

Zitseko za pansi pa sinki ndi zimene zandiphunzitsa kwambiri. Mu Febuluwale paipi inayamba kudontha usiku ndipo tinazindikira patapita masiku angapo. Nkhope za zitsekozo ndinazipaka vanishi bwinobwino, koma mphepete ya kunsi, poti sioneka, ndinangoidutsitsa kamodzi. Pamenepo mpamene panalowera madzi. Nsungwi ukaiyang'ana kodulidwa ili ndi timabowo tambirimbiri ngati nzimbe, ndipo timayamwa madzi kuwakweza m'mwamba. Chitseko cha kumanzere chinada ndi chuku kunsi konse, ndipo gawo la kunja linamatuka kutalika kwa chala. Chikanakhala cha MDF, bolodi lija la utuchi woumbidwa ndi guluu, bwenzi chitafufuma ngati buledi wogwera m'tiyi nkungotayidwa. Ichi ndinachichotsa, kuchiyanika pamthunzi sabata imodzi, kudula mamilimita 10 kunsi, kuthira guluu pomatukapo, kupana ndi makilampu usiku wonse, nkupaka vanishi katatu m'mphepete monse. Chabwerera pamalo pake ndipo chikutsekeka bwino, kungoti kudako sikunachoke konse.

Kwa anzanga a ntchito ya matabwa, bolodi ili ndi lolemera, limodzi limayandikira makilogalamu 40, osayesa kulikweza wekha pa benchi. Limabunthitsa macheka msanga chifukwa nsungwi ili ndi silika, chinthu cholimba chija chopezeka mu mchenga, choncho pamafunika lumo la mano ambiri, 60 kapena 80, a chitsulo cholimba kwambiri chotchedwa carbide, ndi kumata tepi pamzere wodula kuti pasanyotsoke. Misomali iwalani. Sikuluu iliyonse muyambe mwaiboolera, makamaka pafupi ndi mphepete, apo ayi limang'ambika motsata mzere, ndipo kazitsotso kake kakalowa m'chala kamapweteka ngati mmene imachekera nsungwi ya malichero. Chokoma nchakuti mphepete siifuna kubisa ndi kathabwa kena. Ukaikwecha ndi sandipepa magawo atatu aja amaoneka okongola paokha, alendo amayamba kusisita pamenepo.

Tsono za chilengedwe, zimene zinandikopa poyamba. Mlombwa ndi mbawa zimatenga zaka makumi angapo kuti zifike pochekedwa, ndipo tonse tikuona mmene zasowera, pomwe nsungwi ukadula tsinde limaphukanso lokha. Izi nzoona. Koma ndikaganiza ulendo wa mabolodi angawa, pa sitima kuchoka ku China kudzatsikira ku South Africa, kenako pa msewu kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, mafuta amene anapsa m'njiramo si ochepa. Guluu nayenso ndi nkhani. Ambiri mwa mabolodi otere amamatidwa ndi guluu wokhala ndi formaldehyde, mankhwala otulutsa mpweya woononga thanzi, choncho pogula funsani ngati ali a mlingo wa E1 kapena E0, umene mpweyawo umakhala wochepa. Thupi la kabati ndi kumbuyo kwa shelefu ndinagwiritsa bulokubodi ndi pulayiwudi wa paini wa ku Chikangawa, mitengo yochita kudzala yomwe imafika ku Lilongwe tsiku lomwelo. Ndi wofewa, sawala ngati nsungwi, koma miyezi yonseyi sanandikhumudwitse, ndipo mtengo wake ndi wotsika kutalitali. Ndikadzapanganso, nsungwi idzakhala ya pamwamba pa tebulo ndi zitseko zooneka zokha, zina zonse paini.

Chimandiwawa nchakuti nsungwi tili nayo kuno, timalukira madengu ndi mipanda, ndipo alimi ena ayamba kudzala mtundu waukulu uja wa Dendrocalamus asper, koma bolodi ndachita kuitanitsa kutsidya kwa nyanja. Ndikanakonda kudzadula bolodi la nsungwi yolimidwa ku Dedza kapena ku Mchinji ndisanasiye ntchitoyi.

Za kufumbwa zija, mwezi uliwonse ndimagwada ndi tochi kuyang'ana kunsi kwa tebulo ngati pagwa kaufa kachikasu. Mpaka lero pansi mpoyera. Amayi anabwera Lamlungu lapitali, nawonso anawerama kusuzumira, kenako anakoka mpando nkuitanitsa madzi osamba m'manja.