India kapena America: sukulu yolimba ndi iti, nanga mwana amalowa bwanji ku yunivesite?

Mwana wa zaka 16 ku India amakhala atasankha kale njira ya moyo wake. Mnzake wamsinkhu womwewo ku America akhoza kufika chaka chachiwiri cha ku yunivesite asanatsimikize chimene akufuna kudzakhala. Makolo anzanga amene mukulingalira za mayiko awiriwa, gwiritsitsani mfundo imeneyi, chifukwa zina zonse zikutsamira pomwepa.

Tiyambe ndi India. Kumeneko mwana amalemba mayeso akuluakulu kawiri, pomaliza Class 10 ndi pomaliza Class 12, mofananako ndi JCE ndi MSCE kwathu kuno. Mabungwe olembetsa mayeso ndi ambiri: pali CBSE ya boma lalikulu, pali CISCE yomwe imalembetsa ICSE ndi ISC, ndiponso pali mabungwe a zigawo za dzikolo. Akangotha Class 10, mwana amalowa limodzi mwa magulu atatu: sayansi, zamalonda, kapena maphunziro a chikhalidwe ndi mbiri. Wa sayansiyo amasankhanso pakati pa masamu, ngati akufuna uinjiniya, ndi bayoloje, ngati akufuna udokotala. Ndondomeko ya maphunziro ya 2020 inalonjeza kufewetsa malire amenewa, koma m'mabanja ambiri nkhani ikadali yomweyo: injiniya kapena dokotala, zina zonse n'zopepuka.

Kukhoza bwino Class 12 pakokha sikukulowetsa ku sukulu zimene aliyense amazilota, za boma zophunzitsa uinjiniya, zotchedwa IIT. Zilipo 23, ndipo malo onse pamodzi ndi pafupifupi 18,000 pa chaka. Ofuna malowo amayamba ndi mayeso a JEE Main, omwe amalembedwa ndi ana oposa 1 miliyoni. Pa JEE Main ukayankha bwino funso umapeza malikisi 4, ukalakwitsa amakuchotsera 1, choncho kungolota yankho n'kudzibaya wekha. Ana 250,000 apamwamba ndiwo amaloledwa kulemba JEE Advanced, mapepala awiri a maola atatu lililonse, tsiku limodzi. Mwayi wolemba JEE Advanced ndi kawiri kokha, m'zaka ziwiri zotsatizana. Zotsatira zikatuluka umapatsidwa nambala yako pa mndandanda wa dziko lonse, ndipo nambala imeneyo ndiyo imanena sukulu yomwe upite ndi phunziro lomwe utenge. Wofuna za kompyuta ku IIT Bombay, ngati sali m'magulu a anthu amene boma limawasungira malo, ayenera kupezeka pakati pa anthu 100 oyambirira. Za udokotala zimadzera pa mayeso a NEET: mu 2024 analemba oposa 2 miliyoni, kulimbirana malo a MBBS, digiri ya udokotala, ongopitirira 100,000, ndipo pafupifupi theka la malowo lili m'makoleji omwe si aboma, okwera mtengo zedi.

Ku America kulibe mayeso amodzi a dziko lonse omalizira sekondale. Sukulu zimayendetsedwa ndi madera pafupifupi 13,000, ndipo mwana amayezedwa ndi mphunzitsi wake yemwe, tsiku ndi tsiku, kuyambira giredi 9 mpaka 12. Ntchito yolembera kunyumba, timayeso ta mlungu ndi mlungu, nkhani yofufuza, kuyankhula kutsogolo kwa kalasi, zonse zimaunjikidwa n'kupanga chiwerengero chotchedwa GPA. Wofuna kuonetsa kuti ndi wakuthwa amatenga makalasi a AP, omwe ndi a mlingo wa chaka choyamba cha ku koleji. Palinso mayeso olowera ku koleji: SAT, yomwe malikisi ake apamwamba ndi 1600, kapena ACT, yomwe imathera pa 36.

Pa masamu ndi fizikisi sinditaya nthawi: India ali patsogolo. Mwana aliyense wotenga masamu mu Class 11 ndi 12 amakumana ndi calculus, nthambi ya masamu apamwamba, pomwe ku America ambiri amamaliza sekondale osaikhudza n'komwe, ndipo mu SAT mulibe. Funso limodzi la JEE Advanced limatha kulumikiza mitu itatu yosiyana, moti kuloweza pamtima kokha sikungakupulumutse. Amene amati ana a ku India amangoloweza sanaonepo pepala limeneli. Kuloweza kulipodi, makamaka pa mayeso a mabungwe, pomwe yankho lofanana ndi la m'buku ndilo limalandira malikisi onse. Koma ukamuuza mwana yemweyo kuti alembe masamba asanu oteteza maganizo ake, atchule kumene wapeza umboni, kenako atsutsane ndi mphunzitsi mwaulemu, apa mwana wa sukulu yabwino ya ku America amaoneka kuti anazolowera kuyambira ali wamng'ono. Ndipo musaganize kuti ofuna mayunivesite apamwamba kumeneko amagona tulo tabwino. Makalasi a AP angapo, masewero madzulo, kalabu, ntchito yodzipereka kumapeto kwa sabata, zaka zinayi osapumira. Katundu wa mwana wa ku India amamugwera tsiku limodzi. Wa mnzakeyu amamusenza pang'onopang'ono, koma ndi wolemera ndithu.

Pali chimene chimandiwawa anthu akamatamanda India. Amene timawaona, mainjiniya ndi madokotala odzaza m'mayiko akunja, ndi kagulu kochepa kapamwamba. Kafukufuku wa ASER, yemwe bungwe la Pratham limachita m'midzi, wakhala akuonetsa kwa zaka zambiri kuti pafupifupi theka la ana a Class 5 satha kuwerenga nkhani ya Class 2. Pamene zigawo za Tamil Nadu ndi Himachal Pradesh zinalowa nawo mayeso a PISA a 2009, oyerekeza ana a mayiko osiyanasiyana, zinatsirizira kumchira kwenikweni kwa mndandanda. America nayenso ali ndi chilonda chake: gawo lalikulu la ndalama za sukulu limachokera ku msonkho wa nyumba za m'deralo, choncho kumene nyumba zili zodula sukulu imakhala ndi labu ndi makalasi a AP ambirimbiri, kumene kuli amphawi sukulu imasowa ngakhale mphunzitsi wa fizikisi. Ukamva munthu akuyerekeza mayiko awiriwa, mufunse kaye kuti akunena sukulu iti.

Tsopano za Kota, mzinda wa m'chigawo cha Rajasthan, chifukwa sungalankhule za mayeso a ku India osautchula. Ana masauzande ambiri amachoka kwawo ali ndi zaka 15 kapena 16 kukakhala m'timahositelo kumeneko, kukonzekera JEE ndi NEET m'masukulu ophunzitsa zamayeso okhaokha. Ambiri amalembetsa dzina ku sukulu wamba kumene sapondako phazi, kuti nthawi yonse ithere pa mafunso a mayeso. Kalasi imodzi imakhala ndi ana oposa 100, ndipo amawagawa m'magulu potengera malikisi a mayeso oyeserera: okhoza kwambiri amapatsidwa aphunzitsi odziwika, otsalira amaona okha dzina lawo likutsika. Kumudzi bambo anatenga ngongole kapena kugulitsa munda, ndipo mwana akudziwa. Wolephera amakhalanso chaka china, ena ziwiri. Mu 2023 ana oposa 20 anadzipha mumzindawo, mpaka akuluakulu a boma analamula kuti mafani a kudenga m'mahositelo aikidwe masipuling'i oti munthu akadzimangirira agwe. Chaka chotsatira boma lalikulu linatulutsa malangizo oletsa masukulu oterewa kulandira ana osakwana zaka 16. Amene tinakula tikuwerenga usiku mapazi ali m'beseni la madzi ozizira timadziwa mantha a mayeso, koma apa zinafika pena. Mpikisano umene ukufuna masipuling'i pa fani sindingaugwadire, kaya utulutsa akatswiri angati.

Komabe khomo la ku India lili ndi ubwino umodzi waukulu: aliyense amaona mmene likutsegukira. Mwana wa wogulitsa tiyi pamsewu akapeza nambala yabwino amalowa, ndipo palibe angamufunse kuti bambo ake ndani. Ngakhale kukondera kwake kumalembedwa poyera: malo 15 pa 100 alionse ndi a magulu amene ankanyozedwa chifukwa cha mtundu wobadwira, 7.5 a mafuko a kumadera otsalira, 27 a magulu ena otsalira, ndipo kuyambira 2019 malo 10 ndi a osauka amene sali m'magulu atatuwa. Anthu amakangana nazo kwambiri, koma amakangana ndi manambala amene akuwaona. Chikhulupiriro chimenechi chinagwedezeka mu 2024, pamene mafunso a NEET anatuluka mayeso asanalembedwe ndipo ana 67 anapezeka ndi malikisi onse 720. Nkhani inakafika ku bwalo lalikulu la milandu, lomwe linakana kuti mayeso onse alembedwenso.

Ku America mwana amadzaza fomu ya pa intaneti, kawirikawiri ya Common App, imene imalandiridwa ndi makoleji oposa 1,000. Amaikamo GPA, malikisi a SAT ngati akufunika, makalata a aphunzitsi omuchitira umboni, mndandanda wa zochita za kunja kwa kalasi, ndi nkhani ya moyo wake ya mawu osapitirira 650. Kenako anthu amene sadzawaona amakhala pansi n'kumuyeza yense wathunthu. Zimamveka zaumunthu, ndipo nthawi zina zilidi choncho: mtsikana amene amalera ang'ono ake akaweruka kusukulu akhoza kuzifotokoza, n'kumveka. Vuto ndi lakuti palibe malikisi amene amakutsimikizira malo. Harvard imatenga anthu pafupifupi 4 pa 100 alionse ofunsira, ndipo wokanidwa sauzidwa chifukwa. M'chimbuuzi chimenechi ndalama zimayenda bwino. Kafukufuku wa 2023 wa Raj Chetty ndi anzake anapeza kuti ana a mabanja olemeretsetsa anali ndi mwayi woposa kawiri wophunzira m'mayunivesite apamwambawa poyerekeza ndi ana a mabanja apakatikati okhala ndi malikisi ofanana. Ana a omwe anaphunzira pomwepo kale amakonderedwa m'malo ambiri. Mu 2019 kunaphulika mlandu wa makolo olemera amene ankapereka ziphuphu kuti ana awo alowe ngati akatswiri a masewero amene sankasewera n'komwe. Mu June 2023 bwalo lalikulu la milandu linaletsa kuganizira mtundu wa munthu posankha ophunzira. Ndipo taonani izi: makoleji ambiri atasiya kukakamiza SAT nthawi ya COVID-19, yunivesite ya MIT inaibwezeretsa mu 2022, ponena kuti mayesowo amaithandiza kupeza ana anzeru ochokera m'sukulu zosauka. Dartmouth, Yale, Brown ndi Harvard zinatsatira mu 2024. Apa America anavomereza mbali ina ya nzeru za India.

Pa ndalama kusiyana n'kwakukulu. Fizi ya ku IIT kwa nzika za India ndi marupi 200,000 pa chaka, osakwana madola 3,000, ndipo osauka amachotseredwa. Yunivesite yapamwamba yomwe si ya boma ku America imapitirira madola 80,000 pa chaka ukaphatikiza pogona ndi chakudya. Zolemera kwambiri monga Harvard, Princeton ndi MIT zimalipirira mwana wosauka, ngakhale wochokera kunja, koma ndi zochepa. Otsalawo amakongola, ndipo ngongole za ophunzira m'dzikomo zinadutsa madola 1.6 thililiyoni.

Nanga mwana amene sanakhoze tsiku lija, kapena amene nzeru zake zinachedwa kutseguka? Apa ndipo mtima wanga umapendekera ku America. Makoleji ambiri kumeneko amatenga oposa theka la ofunsira. Mwana amene anasewera ku sekondale akhoza kuyamba pa koleji ya m'dera ya zaka ziwiri, yotsika mtengo, n'kusamukira ku yunivesite yaikulu. Ku California njira imeneyi imafikitsa anthu ku Berkeley ndi UCLA chaka chilichonse. Woyamba ndi kemisitiri akhoza kumaliza ndi zachuma popanda kuyambiranso. Ku India wotsalira amapita ku makoleji a uinjiniya omwe si aboma, ena abwino, ambiri ongotolera ndalama. Sikuti moyo umathera pomwepo: Satya Nadella wa Microsoft anaphunzira ku Manipal, osati ku IIT. Koma iye ndi Sundar Pichai wa Google, yemwe anadzera ku IIT Kharagpur, onse anakapitiriza maphunziro ku America, ndipo m'chaka cha maphunziro cha 2023/24 ophunzira a ku India kumeneko anaposa 330,000, kupambana dziko lina lililonse. Mabanja a ku India enieniwo anaona kale kuti maziko amangidwe kwawo, denga likafoleredwe kunja.

Kwa inu amene mwana wanu wamaliza MSCE kapena Grade 12, dziwani kuti mpikisano wa JEE si njira imene alendo ambiri amadzera. Ambiri amalowa kudzera m'thandizo la maphunziro lochokera ku bungwe la boma la India la ICCR kapena m'mayunivesite omwe si aboma, amene amayang'ana zotsatira za ku sekondale, ndipo pamenepa m'pofunika kufufuza bwino sukuluyo, chifukwa dzina la India palokha silitsimikizira kulimba. Wofuna udokotala, ku India amatenga zaka zisanu ndi theka akangochoka ku sekondale koma NEET sangaizembe ngakhale ali mlendo, pomwe ku America ayenera kumaliza digiri ya zaka zinayi asanayambe zinayi zina za udokotala. Wofuna America ayambe kukonzekera chaka chathunthu nthawi isanakwane, popeza mafomu oyambirira amatsekedwa kumayambiriro kwa November ndipo ambiri mu January. Alangizi a EducationUSA, nthambi ya boma la America yolangiza za maphunziro, amathandiza kwaulere. Ndipo musanalipire kalikonse, kafunseni ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba ku Malawi, kapena ku Medical Council of Malawi ngati ndi za chipatala, ngati pepala la sukuluyo lidzavomerezedwe mwana akadzabwera kudzafuna ntchito kuno.