Miyezi 14 ndi Hilux ya mabaluni: zomwe zapirira ndi zomwe ndachotsa

Tsiku lomwe ndinaitulutsa ku galaji ku Luwinga, anyamata a sacramento, a njinga zonyamula anthu aja, pa Katoto anaima n'kumaiyang'ana. Inali itaima chilili kumbuyo, magetsi oyera mbee kutsogolo, mipando ikununkha leza watsopano. Anthu ambiri anandifunsa kuti ndaika chiyani ndipo ndagula kuti, koma ndinkawauza kuti adikire kaye galimoto ione mvula ndi chisanu cha Mzuzu. Tsopano papita miyezi 14, yadutsa dzinja lathunthu, yakwera ndi kutsika Chiweta kangapo, ndipo ndikhoza kulankhula zomwe ndaona ndi maso.

Galimotoyi ndi Toyota Hilux ya 1994, ya dizilo ya 2.8, yokoka matayala onse anayi, ya kebu imodzi. Inali ya malume anga, ndipo atamwalira banja linagwirizana kuti ndiisunge ine. Ndimadyera momwemo: simenti ndi malata kupita kunyanja, nthochi kuchokera ku Nkhata Bay, mpunga wa kilombero kuchokera ku Karonga. Ndinaikonza zinthu zitatu, m'kati, magetsi ndi mabaluni a mpweya kumbuyo. Ndiyamba ndi mabaluni chifukwa ndi omwe andiphunzitsa zambiri.

Kwa amene sanawaonepo, awa si mabaluni aakulu a mathiraki a ku Dar es Salaam aja, omwe amanyamula okha katundu yense. Anga ndi aang'ono awiri a labala yolimba, imodzi mbali iliyonse, oikidwa pakati pa chasisi ndi ekiselo ya kumbuyo. Masipuling'i a zitsulo zosanjikiza aja alipobe ndipo akugwira ntchito yawo, mabaluni amangothandizira. Ukapakira katundu galimoto n'kugwada kumbuyo, umapopa mpweya, iyo n'kudzuka. Ukatsitsa katundu umaphwetsa. Opanga ake amanena kuti asakhale ndi mpweya wochepera 5 psi (muyeso womwe timayezera mpweya wa matayala) ngakhale galimoto ilibe kanthu, kuopa kuti labala ingapindike n'kudyeka, ndipo asapitirire 100 psi.

Ubwino wake ndi weniweni, sindibisa. Kale ndikapakira matumba 15 a simenti, omwe ndi makilogalamu 750, kumbuyo kunkatsika mpaka ekiselo kumagunda timalabala totchinga tija pa bampu iliyonse. Mphuno inkayang'ana kumwamba, chiwongolero chinkapepuka m'manja, usiku magetsi ankaunika nsonga za mitengo. Lero zonsezo zinatha. Galimoto imayenda yowongoka, ndipo nthochi zikufika ku msika zosatunduzika ngati kale.

Koma mwezi wachitatu ndinakumana ndi chinthu chomwe palibe anandichenjeza. Ndinkatsikira ku Nkhata Bay nditadzaza simenti. Amene mumaudziwa msewu umenewu mukudziwa kuti kuchoka mu Mzuzu kukafika kunyanja umatsika mamita oposa 700 pa mtunda wosakwana makilomita 50, ndipo makona ndi ambiri. M'mawa umenewo ndinali nditapopa mpaka kumbuyo kunabwerera pa msinkhu womwe galimoto imakhala ikakhala yopanda katundu, ndikuganiza kuti ndachita bwino. Pakati pa mtsetse ndinayamba kumva fungo lakupsa, buleki ikufuna mwendo wambiri kuposa masiku onse. Ndinaima pambali. Matayala akutsogolo ankatulutsa kutentha koti dzanja sungayandikize, pomwe madiramu akumbuyo anali ofunda chabe.

Nditabwerera ndinapita kwa mkulu wina wokonza magalimoto ku Chibavi, bambo wachikulire amene wagwira ma Hilux awa kuyambira ali atsopano. Sanayankhe msanga. Anayala katoni pansi, analowa kunsi, kenako anandiitana kuti, "Achimwene, tagwadani muone ichi." Anandilozera kavalavu kakang'ono komangidwa pa chasisi, kokhala ndi kachitsulo katali kopyapyala kofika pa ekiselo. Anandifotokozera kuti kameneka ndi komwe kamayeza kulemera kwa katundu. Galimoto ikagwada, kachitsulo kaja kamakankha valavu kuti mafuta a buleki apite mwamphamvu ku matayala akumbuyo. Ikakhala yopanda kanthu valavu imachepetsa mphamvuyo kuti matayala akumbuyo asamange n'kukutembenuzani pa msewu. "Ndiye inu mwaidzutsa ndi mpweya," anatero. "Valavu ikuona ngati mulibe katundu, chonsecho mwasenza simenti. Ntchito yonse mwaisiyira mabuleki akutsogolo."

Kuyambira tsiku limenelo sindipopanso mpaka pamwamba. Ndinayeza ndi tepi kuchoka pansi kufika pa mlomo wa bodi galimoto ili yopanda kanthu, n'kulemba nambalayo kuseri kwa chotchinga dzuwa. Ndikapakira ndimapopa kuti idzuke, koma ndimaisiya yotsika ndi masentimita atatu kapena anayi, kuti valavu ija imvebe kuti pali kulemera. Ndipo pa mtsetse ndimalowa giya yachiwiri kuchokera pamwamba, injini n'kumagwira yokha. Fungo lija silinabwerenso. Aliyense amene akufuna kuika mabaluni pa pikapu yakale ayambe wayang'ana kunsi ngati kavalavu kameneka kalipo. Ndipo asadzinamize kuti poti galimoto yaima bwino ndiye kuti ikhoza kunyamula zambiri. Ekiselo, mabering'i, matayala ndi mabuleki ndi omwe aja a 1994. Ine malire anga akadali matumba 15.

Vuto lachiwiri linali la mapaipi. Poyamba mabaluni onse awiri analumikizidwa ku paipi imodzi kuti ndizipopa kamodzi. Pa msewu wowongoka sizinkaoneka, koma pa makona a Chiweta, nditasenza mpunga, galimoto inkapendekeka kuposa kale. Chifukwa chake n'chosavuta: ukakhota, kulemera kumatsamira mbali imodzi, mpweya wa baluni yopanikizidwayo n'kuthawira ku inzake, ndiye mbali yomwe ikufuna thandizo ndi yomwe imaphwa. Tinazilekanitsa, baluni iliyonse paipi yake ndi valavu yake, ngati ya tayala, zonse ziwiri pambali pa nambala puleti. Kupendekeka kunachepa tsiku lomwelo. Phindu lina n'lakuti katundu akalemera mbali imodzi ndimatha kuwonjezera mpweya mbali yomweyo.

Kutuluka kwa mpweya kunandivutitsa mu June ndi July. M'mawa uliwonse ndinkapeza baluni ya kumanzere yaphwa. Kuzizira kumatsitsako mpweya pang'ono, zimenezo n'zachilengedwe, koma apa unkatheratu. Ndinasungunula sopo m'kabotolo n'kumathira pa mfundo iliyonse, mpaka ndinaona thovu likufufuma pang'onopang'ono pomwe paipi imalowa mu baluni. Paipiyo inadulidwa ndi pulayala, nsonga yake inaphwanyika n'kukhala yopendama, moti sinkakhala bwino m'kati. Ndinaidulanso ndi lezala, mowongoka, n'kuikankha mpaka inagwira. Basi. Paipi ina inadutsa pafupi ndi ekizozi ndipo inayamba kufewa, tinaisuntha n'kuimanga kutali.

Kompuresa yopopera mabaluni ndi thanki yake ya mpweya, zomwe ndinaika poyamba, ndinachotsa. Zinali kunsi kwa bodi komwe matope onse a Mchengautuwa amathera, ndipo thanki inkasonkhanitsa madzi chifukwa mpweya wa kuno ndi wachinyontho. Ukaiwala kukhetsa kwa sabata imodzi, potsegula pamatuluka madzi ofiira a dzimbiri. Mwezi wachisanu ndi chiwiri kompuresa inangoti zii. Pano ndimayenda ndi pampu ya phazi kuseri kwa mpando. Mabaluni ndi aang'ono, kuponda kangapo chabe adzaza. Batani la pa dashibodi lopopera mpweya linali lokoma, koma sindikulisowa.

Chomwe sindinachipezere yankho ndi misewu yoipitsitsa. Baluni ili ndi malire a kutalika komwe ingatambasuke, ndiye tayala limodzi likalowa m'dzenje lakuya, ekiselo siitsika momasuka monga inkachitira kale. Pa ulendo wa ku Usisya ndinamva tayala likulendewera m'malere pamalo pomwe kale linkagwira pansi, ndipo pobwera ndinapeza bulaketi imodzi yachita mng'alu. Tinawotcherera n'kuwonjezera chitsulo. Ngati ntchito yanu ndi ya misewu ngati imeneyo tsiku ndi tsiku, ine ndingakulangizeni kuti mungogula masipuling'i atsopano.

Za magetsi ndinalakwitsa poyamba, ndipo zinandiwawa chifukwa zinakhudza anthu ena. Ndinachotsa mababu a halogen a H4, a mawati 60 pa fulu ndi 55 pa dimu, n'kuika a LED oyera otsika mtengo. Ukaima kutsogolo kwa galimoto ankaoneka owala koopsa. Koma galasi ndi mbale yonyezimira ya nyali yakaleyo zinapangidwira kawaya kowala ka babu ya halogen, komwe kamakhala pamalo ake enieni. LED yanga inkawalira pena, kuwala n'kumamwazikana paliponse. Madalaivala obwera kutsogolo ankandithwanimitsira magetsi ndili pa dimu. Usiku wina pafupi ndi Ekwendeni ndinaona bambo wa njinga atanyamula mayi ndi mwana akutsikira kutchire, dzanja lili kumaso, chifukwa ndinamuthobwa. Sindinagone bwino usiku umenewo.

Kenako kunabwera chifunga cha m'Chikangawa. Amene mwadutsamo m'bandakucha nthawi yozizira mukudziwa momwe chimatsekera msewu pakati pa mitengo ya paini. Kuwala koyera komwazika kuja kunkagunda chifunga n'kubwerera m'maso mwanga ngati khoma la laimu. Laitibala, nyali yaitali yomwe ndinaika pa denga, inali yoipa kuposa pamenepo, chifukwa ili pamwamba pa maso ndipo imaunikanso boneti. Ndinazimitsa zonse n'kuyenda ndi mapaking'i mpaka kunayera.

Ndinabwerera ku halogen, koma ndi kusintha kumodzi komwe ndikukulimbikitsani nonse a magalimoto akale. Pa galimoto ya zaka 30, moto wopita ku nyali umadutsa m'mawaya aatali okalamba ndi m'maswitchi otopa, ndipo pofika pa babu umakhala utachepa. Wamagetsi wina anayeza n'kupeza kuti pa babu pakufika mavoti ochepera 11 pomwe pa batire panali oposa 13 injini ikulira. Anaika ma relay awiri, timaswitchi tolamulidwa ndi magetsi, pafupi ndi batire, wina wa dimu wina wa fulu, ndi mawaya onenepa ndi fyuzi yake. Switchi yakale ija tsopano imangolamula relay, moto weniweni umachoka pa batire molunjika. Anandiuzanso kuti ma Toyota akale ambiri switchi ya nyali imadula mbali ya ethi, waya wobwerera ku chitsulo cha galimoto, choncho wolumikiza ayenera kudziwa zimenezi, apo ayi fulu ndi dimu zimasokonekera. Mababu omwe aja a masiku onse anawala ngati ena. Tinaimika galimoto moyang'ana khoma madzulo n'kuwongola nyali kuti mzere wa kuwala ukhale pansi, ukukwera pang'ono kumanzere komwe kumayenda anthu apansi ndi njinga.

Laitibala ndinaitsitsa pa denga n'kuimanga pa bampala, ndipo ndimaiyatsa kumidzi kokha pomwe kutsogolo kulibe munthu. Timagetsi tiwiri tachikasu ta chifunga tomwe ndinaika m'munsi ndi tomwe ndimatidalira kwambiri, chifukwa kuwala kwake kumayenda chapansi n'kundionetsa mzere wa m'mphepete. Timagetsi tabuluu tokongoletsa kumapazi tinafa tokha mwezi wachinayi, sindinabwezeretse. Nyali imodzi ya LED ya m'denga la kebu ndi ina younikira m'bodi popakira usiku, zimenezo zili bwino mpaka lero ndipo sizidya batire.

M'kati, mpando ndiwo wapambana. Mmisiri wa mipando ku Chiputula anachotsa siponji yakale yomwe inali itasanduka ufa, anawotcherera masipuling'i awiri othyoka, anaika siponji yolimba pansi ndi yofewa pamwamba. Msana womwe unkandipweteka ndikafika ku Karonga unasiya. Leza sanang'ambike paliponse, ulusi wokha wamasuka pang'ono pa ngodya yomwe ndimatsikira. Chovuta chake n'chakuti m'mawa wa July amazizira ngati mwala, ndipo kunyanja masana amawotcha, choncho ndinayalapo nsalu yokhuthala.

Zitseko tinazikuta ndi chitenje chomwe mayi a kunyumba anasankha ku Taifa, chofiira ndi chakuda. Mbali ya dalaiva yasuluka pomwe pamagona chigongono, koma ndimachikondabe ndipo ndidzaikanso china. Nsalu ya kudenga inamatuka pakati titakhala tsiku lonse padzuwa ku Chintheche, guluu wake sanali wopirira kutentha.

Kapeti ndiye ndikudandaula nayo. Inali yokongola, yakuda, yodulidwa bwino. Koma mvumbi wa Mzuzu umagwa masiku osalekeza mpaka April, ndipo aliyense wokwera amalowa ndi madzi ku nsapato. Labala ya pa galasi lakutsogolo nayonso inkadonthetsa pang'ono pa ngodya, ine osadziwa. Pofika February m'galimoto munkanunkha chuku, magalasi ankachita nthunzi m'mawa uliwonse. Nditaikweza kapetiyo ndinapeza pansi pali chinyezi, ndipo mbali ya wokwera dzimbiri linali litadya malo aakulu ngati chikhatho, pomwe malume anasunga chitsulo chimenecho zaka zonsezi chopanda banga. Ndinapala ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chinayera, ndinapaka mankhwala a dzimbiri ndi penti kawiri, tinasintha labala ya galasi, ndipo ndinayala mphasa ya labala yomwe ndimaitulutsa Loweruka lililonse n'kuitsuka. Timapepala tomata toletsa phokoso tomwe tinaika m'zitseko ndi kuseri kwa mpando tagwira ntchito, moti pano timatha kucheza ndi wokwera naye popanda kukuwa, koma pansi sindinatiike chifukwa ndikufuna ndiziona chitsulocho.

Mwezi wamawa ndikupita nayo ku COF, kukayezetsa ngati ili yoyenera kuyenda pa msewu. Ndisanapite ndikufuna kusintha mashoko akumbuyo, omwe ayamba kulola galimoto kudumpha kawiri ikadutsa bampu mabaluni ali ndi mpweya, ndiponso bambo a ku Chibavi aja anandiuza kuti ndibwere nayo ili ndi matumba 15 omwewo kuti tikayeze kavalavu ka buleki kaja katundu ali pamwamba.