F-22 kapena F-35A: kodi injini yopinda mpweya n'njofunikadi?

Anyamata a ku Kapata kuno ku Chipata amagoma ndi mavidiyo a F-22, ndege yankhondo ya ku America. Injini zake ziwiri za F119 zimapinda mpweya wotentha wotuluka kumbuyo madigiri 20 m'mwamba kapena pansi, choncho ndegeyo imakhota msanga ngakhale ikuuluka pang'onopang'ono. Pomenyana moyandikana zimenezi zimathandizadi.

F-35A, ndege inanso yankhondo ya ku America, ilibe zimenezi, ndipo ine ndili mbali yake. Imadalira kubisala kuti isaoneke pa radar (makina oonera ndege zikadali kutali), kuona mdani akadali kutali n'kumuponyera mzinga asanaizindikire. Ndege yobisala ikafika poonana ndi mdani maso ndi maso, zinthu zalakwika kale. Komanso zitsulo zopindira mpweyazo n'zolemera, kuzikonza kumadya ndalama, ndipo ndege ikakhota mwamphamvu chotero imataya liwiro, mzinga n'kuipeza mosavuta.