Chiliza cha granite cha bambo amene anali msilikali: chili bwino pati, chimalakwika pati

Amisiri a ziliza m'mizinda yathu amagulitsa zinthu zitatu: chiliza cha simenti chomata matailosi, cha terrazzo, ndi cha granite. Pano tikuunika cha granite chozokota dzina ndi chithunzi, chimene ana ambiri amafuna kuikira bambo awo amene anatumikira usilikali. Mwala wake ndi wabwino kwambiri, koma ntchito imene amisiri ambiri amagwira pansi pa mwalawo ndi yoperewera, ndipo ndi kumeneko kumene ndalama za banja zimatayikira. Banja limene ladwazika matenda a khansa limafika pa chiliza thumba litaphwa kale ndi maulendo a ku Kamuzu Central kapena ku Queens, ndiye chiliza chake sichiyenera kumangidwa kawiri.

Granite yakuda imene imapezeka kuno yambiri imachokera kunja. Ya ku Mutoko ku Zimbabwe ndi yakuda bii, ya ku Rustenburg ku South Africa ndi yotuwirako, ya timadontho. Pa chithunzi sankhani yakuda bii, chifukwa makina a laser sathira mtundu, amangokala pamwamba popukutidwa n'kusiya timadontho toyera. Pa mwala wa timadontho nkhope imasokonekera ndi timadontho ta mwalawo. Alipo ena amene amadetsa mwala wotuwa ndi mankhwala kuti uoneke wa mtengo wapatali. Tengani kansalu koyera, nyowetsani ndi mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo, pukutani kumbuyo kwa mwala. Kansalu kakada, mwalawo ndi wopaka, ndipo dzuwa lidzautuwitsa mawangamawanga. Ugogodeninso ndi kachitsulo: wabwino umalira ngwe, wa mng'alu wobisika umalira mogontha.

Mwala woimirira kumutu usachepere masentimita 8 kuchindikala. Wa masentimita 90 kutalika ndi 60 mulifupi umalemera pafupifupi makilogalamu 125. Wogoneka pamwamba pa manda, wa masentimita 180 ndi 80, wochindikala masentimita 5, umapitirira makilogalamu 200. Amene amakupatsani kamwala ka masentimita 2 kapena 3, kofanana ndi ka pa kabati ya kukhitchini, akukugulitsani chinthu chimene chidzathyoke pa msewu wa fumbi chisanafike n'kumudzi komwe.

Terrazzo si yoipa ngati thumba lafupika. Ndi simenti yosakaniza ndi timiyala, imene amapala ndi makina ikauma. Vuto lake imamwa madzi, imachita ndere nthawi ya dzinja, ndipo zilembo zake zimakhala za penti. Matailosi ndiye ayi. Madzi amalowa m'mizere, dzuwa n'kuwotcha, tailosi n'kumatuka, ndipo mtundu womwewo simudzaupezanso m'sitolo.

Tsopano maziko, pamene pagona nkhani yonse. Dothi lokwirira manda limatenga nthawi kuti likhazikike, ndipo bokosi likaola limatitimiranso. Dikirani dzinja lathunthu lidutse, bwinonso chaka chikwane. Pa dothi la makande, limene limafufuma ndi mvula n'kung'ambika m'chilimwe, kudikira kokha sikukwanira, pamafunika zitsulo. Mmisiri wofulumira amangosalaza mtumbira, n'kuyala njerwa pamwamba pa dothi lokwirira lomwelo, n'kupaka pulasitala wosalala bwino. Tsiku lovundukula palibe amene angaone cholakwika. Mvula ikagwa kawiri, mbali ya kumutu kumene kuli kulemera imayamba kupendekeka, ndipo mng'alu umadutsa pakati.

Maziko oyenera amakhala kunja kwa dzenje, pa nthaka imene sinakumbidwe. Adzukulu amene anakumba ndi amene amadziwa pamene dzenje linathera, ndiye aitaneni, musangoyerekeza ndi mtumbira. Kumene amagoba kachipinda m'mbali mwa dzenje koikamo thupi, mbali imeneyo maziko apite patali ndithu. Kumbani ngalande kuzungulira, masentimita 30 kuchokera m'mphepete mwa dzenje, yozama masentimita 30 kapena kuposerapo mpaka mutapeza nthaka yolimba, mulifupi masentimita 20. Muikemo zitsulo zinayi za Y10 kapena Y12 (zochindikala mamilimita 10 kapena 12) zomanga ndi malingi, zokwezedwa pa timiyala kuti zisakhudze dothi. Pamwamba pathiridwe silabu ya masentimita 10 yokhala ndi zitsulo zopingasa pa masentimita 20 aliwonse, yotsamira pa mazikowo. Mukatero, dothi la pakati likhoza kutitimira mmene lingafunire, chiliza chili chilili.

Konkire wake ndi thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, wilibala imodzi ya mchenga wa kumtsinje, ndi mawilibala awiri a miyala ya kwale. Pa manda a munthu wamkulu, maziko ndi silabu zimadya matumba pafupifupi 6, kuwonjezerapo 2 a njerwa ndi pulasitala. Mmisiri akanena kuti matumba 3 akwana zonse, dziwani kuti mchenga uchuluka. Konkire athiriridwe madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, atafunditsidwa masaka kapena udzu. Apa ndi pamene ntchito za kumanda zimagwera, chifukwa madzi amakhala kutali ndipo mmisiri akathira amakwera basi n'kubwerera kutauni. Lembani mnyamata wapamudzi, mumusiyire mgolo. Mwala usakwere pa konkire wa dzulo: mupatseni milungu iwiri, ndipo mphamvu zake zonse zimakwana pa masiku 28. Amene amati adzamanga maziko Lachinayi, kuika mwala Lachisanu, inu n'kuvundukula Loweruka, musagwirizane nawo.

Mwala woimirira umalumikizidwa ndi tsinde lake ndi tizitsulo tiwiri tolowa m'mabowo, masentimita 10 mbali iliyonse. Tizitsuloto tikhale tosachita dzimbiri. Chidutswa cha chitsulo wamba chomangira nyumba chikachita dzimbiri chimafufuma n'kung'amba mwala kuchokera m'kati, komanso chimatsitsa mzere wofiira pankhope ya chiliza. Guluu yekha popanda tizitsulo sagwira ng'ombe ikadzakhulapo msana. Funsani kuti muone tizitsuloto asanaike. Ambiri salemba zimenezi pa kotesheni.

Pa zilembo pali njira ziwiri zabwino. Kuzokota ndi mchenga wopopera kumalowa m'mwala mamilimita 2 kapena 3, ndipo penti wagolide kapena woyera akasuluka, dzina limawerengekabe. Laser imatulutsa chithunzi chokongola koma ndi yosazama, mwala ukanyowa imazimirira mpaka uume. Nzeru yake ndi kuzokota dzina ndi masiku mozama, laser n'kuisiyira nkhope yokha. Yendetsani chala pa zilembo za ntchito imene anamaliza kale. Chala chikangotsetsereka, ndi penti chabe.

Zolemba za msilikali ndi zimene amisiri amalakwitsa kawirikawiri, chifukwa amalemba zimene amva pafoni. Pamudzi aliyense ankawatchula bambo kuti a Sajeni, pomwe anapuma ali Staff Sergeant kapena Warrant Officer. Anzawo a ntchito akabwera pa mwambo, choyamba kuona ndi chimenecho, ndipo kwa iwo kutsitsa munthu udindo si nkhani yaing'ono. Tengani udindo, nambala ya usilikali ndi zaka za utumiki pa mapepala opumira ntchito, osati pamtima. Dzina la gulu lilembedwe mmene linalili nthawi yawo: agogo amene anapita ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali a King's African Rifles, ndipo batalyoni yoyamba ya gululi inasanduka Malawi Rifles mu 1964. Ena anatumikira nthawi ya Malawi Army, ena ya Malawi Defence Force. Ngati mukufuna kutchula kumene anagwira ntchito, kaya kulondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, Operation Bwezani yolanda zida a Malawi Young Pioneers mu 1993, kapena kusungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo, mzere umodzi ndi wokwanira. Chizindikiro cha gulu la nkhondo musangochikopera pa intaneti. Kafunseni kaye ku kampu kumene ankagwira, kaya ku Cobbe ku Zomba, ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe kapena ku Moyale ku Mzuzu, kapenanso ku bungwe la asilikali opuma la VELOM. Mamendulo asamatidwe pa chiliza, amabedwa ndiponso amawonongeka ndi mvula. Akhale m'nyumba.

Popeza ambiri amalipiritsa pa chilembo chilichonse, mawu achuluke pofunika pokha. Vesi yonse imadya malo mpaka zilembo kuchepa ngati za m'nyuzipepala, pomwe kungolemba 2 Timoteo 4:7 kumakwanira. Matenda amene anawatenga salembedwa pa chiliza mwa chizolowezi chathu, ndipo palibe chifukwa choyambira. Mmisiri wabwino amakupatsani pepala losindikiza la mawu onse mu ukulu wake weniweni kuti musayinire. Liwerengeni anthu awiri, mmodzi wa kuchimuna, makamaka dzina la mfunda ndi tsiku lobadwa, limene nthawi zambiri limasiyana pakati pa chiphaso ndi mapepala a ntchito. Gwirizanani limodzi mwala usanakhudzidwe, chifukwa chilembo chozokota sichifufutika popanda kupala nkhope yonse.

Chithunzi chikhale cha nthawi imene anali ndi thanzi. Zithunzi zomveka bwino za pafoni zimakhala za miyezi yomaliza, khansa ndi mankhwala ake zitawaondetsa nkhope, pomwe cha yunifolomu chimakhala chakale, chaching'ono, mwina chopindika pakona. Chakalecho ndicho chabwino. Chitengereni kokachita sikani, musachijambule ndi foni chili m'galasi, kenako musachitumize pa WhatsApp mwa nthawi zonse chifukwa chimachepetsedwa. Chipite pa fulashi. Chenjerani ndi achinyamata okonza zithunzi pa kompyuta amene amasalaza nkhope mpaka bambo kusanduka munthu wina, kapena kutembenuza chithunzi kuti chiyang'ane ku zilembo, baji ya pa chipewa ndi mamendulo n'kupita mbali yolakwika.

Za chilolezo musamusiyire mmisiri. Kumudzi manda ndi a mfumu, kulowamo ndi wilibala osapempha ndi mlandu, ndipo abale a bambo ayenera kudziwa ana asanagule ndi thumba limodzi lomwe. M'tauni, monga ku Area 18 ku Lilongwe kapena ku HHI ku Blantyre, manda ndi oyandikana, ndiye funsani oyang'anira mandawo muyeso wololedwa musanadulitse mwala.

Mtengo wa granite umatsatira ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, makotesheni akale anangosanduka mapepala. Choncho kotesheni ilembe muyeso ndi kuchindikala kwa mwala uliwonse, matumba a simenti, zitsulo, mayendedwe, amene adzalipire mwala ukasweka panjira, ndi tsiku lomaliza. Perekani theka poyamba, landirani lisiti, zotsalazo mwala utaima ndipo mwauyesa ndi levulo. Ntchito imayenda bwino pakati pa June ndi September, misewu ili youma. Amene akufuna kuvundukula mu November, mwezi wokumbukira asilikali, maziko akhale atatha mvula isanayambe.

Ndalama zikakhala zochepa, gulani mwala woimirira wokha wa granite, wozokota mozama, pa maziko a zitsulo, pamwamba pa silabu n'kuthirapo timiyala toyera. Wogoneka uja mukhoza kudzawonjezera chaka china pa maziko omwewo. Posamala, madzi ndi bulashi yofewa n'zokwanira, sitiliwulu ndi ufa wotsukira mapoto zimakala mwala. Nkhata za waya zichotsedwe maluwa akafota chifukwa zimasiya dzimbiri, ndipo lambulani udzu mita imodzi kuzungulira nthawi ya lupsa isanafike, pakuti moto umang'amba granite.