Kiliniki ya mano ya "holistic" ngati malo oonererako ntchito: pitaniko, koma musayambire kumeneko

Amene mukufuna kudzalowa sukulu ya udokotala wa mano mukudziwa kale kuti magiredi okha sakwanira. Sukulu zambiri zimafuna umboni wakuti munakhalapo m'chipinda cha dokotala, munaona magazi ndi malovu, munamva kulira kwa makina oboolera dzino, ndipo mtima sunabwerere m'mbuyo. Koma kupeza malo nkovuta, chifukwa madokotala ambiri safuna mlendo woimirira pakona pamene odwala ali pamzere. Ine amene anandilandira mosavuta ndi a kiliniki ina imene imadzitcha ya "holistic", imene imati imasamalira munthu yense osati dzino lokha. Ndinakhalako tchuthi chonse, kenako ndinakaonereranso pa kiliniki wamba. Ndikulemba izi kuti mnzanga amene wapatsidwa malo pa kiliniki yotere adziwe chimene akukachipeza.

Kalandiridwe kawo nkoyamikika. Ndisanayambe anandifunsa ngati ndinabayitsa katemera wa hepatitis B, anandisainitsa pepala lolonjeza kusunga chinsinsi cha odwala, ndipo anandiuza mosapita m'mbali kuti sindidzakhudza m'kamwa mwa munthu. Wodwala aliyense ankayamba wafunsidwa ngati akulola kuti ndikhalemo. Akakana, ndinkatuluka, ndipo palibe amene ankamunyengerera. Nthawi yotsalayo ndinkaithera m'chipinda chotsukira zida, kumene mayi wothandiza adokotala anandiphunzitsa kuti zida zimayenda njira imodzi yokha, kuchoka ku mbali yakuda kupita ku mbali yoyera, osabwerera. Anandionetsa kulongedza zida m'timatumba, kuziika mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha, pa madigiri 134, ndi kuona ngati kachizindikiro ka pa thumba kasintha mtundu. Mayi ameneyu ndiye mphunzitsi wabwino koposa pamalopo.

Chimene chinandikopa kwambiri ndi mmene adokotala ankachezera ndi wodwala watsopano. Sankathamangira kugoneka mpando. Ankafunsa za tulo, za fodya, za mankhwala amene munthu akumwa chifukwa ena amaumitsa m'kamwa, za matenda a shuga, ndiponso kuti amamwa zotsekemera kangati pa tsiku. Funso lomalizali ankalikonda, ndipo anali ndi chifukwa. Munthu akadya shuga, tizilombo ta pamano timatulutsa asidi, ndipo asidiyo akafika pa pH (muyezo wa mphamvu ya asidi) yochepera 5.5 chikuto cholimba cha dzino chimayamba kusungunuka. Malovu amafuna nthawi kuti akonzenso zinthu. Ndiye amene amapsontha chakumwa chotsekemera pang'onopang'ono tsiku lonse amawononga mano kuposa amene amachimwa kamodzi pa nthawi ya chakudya. Bambo wina wa matenda a shuga anamufotokozera modekha kuti shuga wokwera amakulitsa matenda a nkhama, nawonso matenda a nkhama amasokoneza shuga, ndipo anamulembera kalata yopita nayo kwa dokotala wake. Zonsezi nzoona ndipo ofufuza amazivomereza. Ndinaona anthu amene anabwera akunjenjemera akutuluka atamasuka.

Zovuta zinayambira pa amalgam, chomatira mano chotuwa ngati siliva chija. Pakhoma la chipinda chodikirira panali chithunzi chachikulu chonena kuti amalgam ndi poizoni wa m'kamwa, ndipo ntchito yaikulu ya kilinikiyo inali kuchotsa zomata zakale nkuikamo zoyera. Tiyeni tinene zoona zake: pafupifupi theka la amalgam ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni, wosakanizidwa ndi siliva, tini ndi kopa, ndipo amatulutsa nthunzi yochepa kwambiri munthu akamatafuna. Nzoonanso kuti dziko likumusiya. Pangano la Minamata la mu 2013, la mayiko lokhudza mercury, linalamula mayiko kuchepetsa kugwiritsa ntchito amalgam, Norway anamuletsa mu 2008, Sweden mu 2009, ndipo mayiko a European Union kuyambira mu Januwale 2025. Adokotala ankatchula zimenezi kwa wodwala aliyense. Chimene sankatchula nchakuti chifukwa chachikulu cha malamulowa ndi mercury amene amathera m'madzi ndi m'nthaka. Sankatchulanso kafukufuku awiri amene anasindikizidwa m'magazini ya madokotala ya JAMA mu 2006, wina wa ku New England ku America wina wa ku Lisbon ku Portugal, aliyense wa ana opitirira 500, amene ena anawamata ndi amalgam ena ndi zoyera nkuwatsatira kwa zaka. Sanapeze kusiyana pa nzeru kapena kagwiridwe ntchito ka ubongo. Mu 2020 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linalangiza kuti amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana osakwana zaka 6, ndi odwala impso kapena minyewa asaikidwe amalgam watsopano ngati nkotheka, koma m'chikalata chomwecho linanena kuti chomata chimene chili bwinobwino chisachotsedwe. Pochotsa mpamene nthunzi ya mercury imatuluka yambiri, ndipo nthawi iliyonse dzino likaboledwa, kachigawo kena kabwinobwino kamapita nawo.

Pochotsapo ankasamala ndithu: mphira wotchinga m'kamwa, chopopera champhamvu, madzi ambiri oziziritsa. Ntchito yake inali yaukhondo. Koma funso langa silinali lakuti akuchotsa bwanji. Linali lakuti nchifukwa chiyani akuboola dzino limene silikupweteka, silinang'ambike, ndipo pa X-ray likuoneka lathanzi.

Chimene chimandiwawabe mpaka lero ndi nkhani ya root canal, kuchotsa mtsempha wodwala m'kati mwa dzino, kutsuka mizu ndi kutseka kuti dzinolo likhalebe m'kamwa. Pa kilinikiyi sankachita, ndipo sankalimbikitsa. Kunabwera mayi wina wachitsikana, dzino lotafunira la m'munsi litamugoneka kunja usiku wonse. Pa X-ray mizu inali yowongoka, fupa lozungulira linali bwino, mbali yaikulu ya dzino inalipo. Adokotala anatchula njira zonse ziwiri, sindingawanamizire. Koma ya root canal anaitchula mwachidule, kenako anakhala nthawi yaitali akufotokoza kuti dzino lotero ndi lakufa, limasunga tizilombo timene timakayambitsa matenda a mtima, nyamakazi ngakhale khansa. Mayiyo anangoti, "Ndiye ingolizulani adokotala." Analizula bwino, mosapweteka. Koma dzino lozulidwa silibwerera. Fupa la pamalopo limayamba kuchepa, mano oyandikana amapendekera m'mpatamo, ndipo kuikamo lina lochita kupanga ndi ndalama zambiri kuposa zimene akanalipira populumutsa lakelo.

Nditafunsa pambuyo pake, adokotala anandiuza kuti ndikawerenge za Weston Price. Ndinakawerengadi. Price anali dokotala wa mano ku Cleveland ku America, ndipo cha m'ma 1920 ankazula mano a odwala nkuwasokerera pansi pa khungu la akalulu. Akaluluwo akadwala, iye ankati dzinolo ndiye gwero la matenda a mwini wake. Pa nthawi imeneyo maganizo akuti matenda a thupi lonse amachokera ku mano anafala kwambiri, ndipo anthu ochuluka anazulidwa mano abwinobwino pofuna kuchiza nyamakazi ndi matenda ena. Pofika m'ma 1930 ndi 1940 madokotala anaona kuti ozulidwawo sakuchira, ndipo ofufuza ena anasonyeza kuti kayesedwe ka Price kanalibe gulu lofananitsira loyenera komanso tizilombo tinkatha kulowa pa nthawi yozulayo. Maganizowo anasiyidwa. Kumva dokotala wa masiku ano akuwapereka kwa munthu amene ali mu ululu ngati nkhani yotsimikizika kunandidetsa nkhawa, chifukwa munthu wa dzino lopweteka amavomera chilichonse chimene wovala choyera wanena.

Panalinso tchati chosonyeza kuti dzino lililonse nlolumikizana ndi chiwalo china, ili ndi impso, ilo ndi chiwindi. Palibe mtsempha wotero m'thupi, ndipo sindikhalitsapo.

Pa fluoride, mchere wolimbitsa mano kuti asabooke, ndiye ankangoti ayi, ndipo ankagulitsa mankhwala otsukira mano opanda fluoride ngakhale kwa makolo a ana amene mano awo anali atayamba kale kubooka. Mkangano weniweni ulipo, koma ndi wa muyezo wa fluoride m'madzi akumwa. Bungwe la WHO limati asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita, ku America mu 2015 analangiza muyezo wa 0.7, ndipo akachuluka amathimbiriritsa mano. Kuyambira pamene mzinda wa Grand Rapids ku America unayamba kuthira fluoride m'madzi mu 1945 anthu akhala akutsutsana, ndipo ndi bwino kuti wophunzira amve mbali zonse. Koma mankhwala otsukira mano, amene munthu amatsukira nkulavula, ndi nkhani ina. Umboni wakuti amachepetsa kubooka kwa mano ngwochuluka, moti mu 2021 WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Pa kilinikiyi nkhani ziwirizi ankaziphatikiza ngati imodzi.

Nditapita ku kiliniki wamba ija ndinapeza kuti nthawi ya wodwala njochepa ndipo macheza ngapang'ono, zimene zinandichititsa kukumbukira kudekha kwa adokotala oyamba aja. Koma kumenekonso ankafunsa za shuga, za fodya, za mankhwala. Ankamatanso ndi zoyera pafupifupi nthawi zonse. Apa mpamene ndinazindikira kuti zabwino zonse zimene ndinaona koyamba kuja ndi udokotala wabwino chabe, umene aliyense wophunzitsidwa bwino amayenera kuchita. Zimene zinali zawozawo za "holistic" ndi zomwe zija zopanda umboni. Dziwaninso kuti dzinali si gawo la ukatswiri lovomerezeka ngati la oongola mano kapena la ochiza nkhama. Dokotala aliyense angathe kulilemba pachitseko. Ndipo malamulo a khalidwe a American Dental Association, bungwe la madokotala a mano ku America, amanena kuti nkosayenera dokotala kuyambitsa yekha zochotsa amalgam mwa munthu amene thupi lake silidana naye, ponena kuti akuchotsa poizoni. Hal Huggins, dokotala wa mano wa ku America amene anafalitsa kwambiri mchitidwewu, analandidwa chiphaso ku Colorado mu 1996.

Kodi ndingalangize mnzanga kupitako? Inde, koma akhale atayamba waonerera kwina. Wophunzira amene sanaonepo root canal ikuchitika, amene sanaonepo X-ray ya dzino lomwelo patapita zaka fupa litachira, alibe poimira akamva zimene ndinamvazo kuchokera kwa dokotala wokoma mtima amene wamupatsa malo. Ndipo adokotalawo analidi okoma mtima, ankakhulupirira zimene ankanena, ndipo mafunso anga sankawakwiyira. Musanavomere malo, afunseni ngati amachotsa amalgam amene ali bwinobwino, ngati amachita root canal kapena kutumiza wodwala kwa amene amachita, ndiponso zimene amauza makolo za fluoride. Mukapita, tengani kabuku, lembani chilichonse chimene chanenedwa ngati choona popanda dzina la wodwala, ndipo madzulo mukafufuze kumene chinachokera. Mafunso anu muziwafunsa wodwala atatuluka, osati iye ali pampando.